Galimoto Idakana Kulira

Chinenero chathu chidailandira galimoto ngati cholengedwa chamoyo. Timati galimoto ikulira, ikumwa mafuta, yatopa, yatsamwa, yafa. Ikalephera kunyamuka m'mawa timati yakana, ngati kuti ili ndi mtima wakewake ndipo yachitira dala. Pa zaka zonse zimene ndidagwira choko, mawu oterewa ndinkawapereka kwa ophunzira monga zitsanzo zokoma za momwe timavekera umunthu zinthu zopanda moyo. Komatu mawu ali ndi mphamvu yokoka maganizo. Chinthu chikakana, munthu amayamba kufunsa kuti wachikanitsa ndani. Funso limeneli m'midzi mwathu silichedwa kupeza yankho, ndipo kawirikawiri yankho lake limakhala dzina la nkhalamba.

Mu Juni 2022 mphwanga, mwana wa mlongo wanga, adagula galimoto. Fodya wake wa bale adamuyendera bwino ku okushoni ku Kanengo, ndipo ataphatikiza ndalama za soya ndi za mtedza adakagula kwa munthu wina mumzinda wa Lilongwe galimoto yofiira, yaifupi msinkhu, yonyata pansi ngati nyalugwe wofuna kulumpha. Idali itatha zaka 18 chipangidwire, ndipo idafika m'dziko muno itayenda kale ku Japan, monga zichitira galimoto zambiri zimene zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Mtengo wake udali wotsika modabwitsa. Ine monga mwini mbumba ndidamuuza kuti mlimi amafunika galimoto ya bokosi kumbuyo, yonyamula matumba a feteleza, koma mnyamata akaona chofiira makutu amagontha.

Mudzi wathu uli pakati pa Nsaru ndi Kabudula, ndipo galimoto yotere idali isadapondemo chiyambire. Tsiku lonse la Loweruka anthu adali piringupiringu pakhomo pa mlongo wanga. Aliyense wofika ankapempha kuti amve kulira kwake, pakuti kudali kwachilendo, kosalala ngati kwa njuchi mumng'oma, kopanda kugunda kumene tidazolowera kwa malole ndi zigayo. Mnyamata ankailiza, anthu n'kuomba m'manja, iye n'kuizimitsa. Madzulo, mphepo ya Juni itayamba kuluma, adailizanso kuti aichotse patsinde pa mango n'kuiimika pafupi ndi khonde. M'mawa mwa Lamulungu adaisunthanso pang'ono kuti aitsuke. Atamaliza, atavala suti kuti apite nayo kutchalitchi, galimoto idakana. Sitata inkazungulira koma injini osagwira. Adayesa, adayesanso, mpaka batire lidatheratu.

Tsono padali agogo ena amasiye, amene adabwera m'mudzimo pa chitengwa kalekale, ndipo amuna awo ndi ana awo onse adatsogola. Loweruka lija iwonso adafika ndi ndodo yawo, adagwira boneti ndi dzanja, n'kunena kuti, "Mwanawe, chigalimoto chokwawa ndi mimba choterechi chidzatuluka m'mudzi muno?" Anthu adaseka. Pofika Lamulungu madzulo padalibenso woseka. Mawu aja adayamba kuyenda nyumba ndi nyumba, ndipo paliponse pamene afika ankanenepa. Ena ankati agogowo adalavulira tayala. Ena ankati adawaona usiku akuzungulira galimoto. Lolemba amayi adasiya kuwalonjera pachitsime, ndipo anyamata ena adayamba kunong'onezana zoitana sing'anga wa ku tsidya la Bua.

Amene adakula m'tauni angayese kuti iyi ndi nkhani yoseketsa. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti, limene lidali likugwirabe ntchito chaka chimene ndikusimbachi, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma lamulo limakhala kuboma pomwe miyala ili pafupi. Ndidaona kuti galimoto ija ikapanda kulira sabata imeneyo, nyumba ya udzu ya agogo aja idali pangozi.

Mmisiri woyamba adachokera pamsika wapafupi. Ndi mnyamata waluso ndithu pa minibasi ndi zigayo, ndipo sindingamunyoze. Atatsegula boneti adaima kakasi. Adafuna pamene pamakhala mapisitoni ndi mavavu, osapaona. Adalumikiza batire lake, adamvetsera injini ikuzungulira mopepuka ngati yopanda kanthu m'kati, ndipo adagamula kuti yanoka. Malangizo ake adali akuti tigule injini ina ya galimoto wamba tiikemo. Apa n'kuti kwacha itangogwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse kumapeto kwa Meyi, zipangizo zonse zitakwera mtengo. Mphwanga adakhala pansi, manja ali m'khosi, pakuti thukuta la chaka chonse lidali m'chitsulo chimenecho. Choipitsitsa chidali chakuti mawu a mmisiri, oti sadaonepo injini yotere, anthu adawamva ngati umboni woti m'kati mwa galimoto mwasinthidwa ndi mankhwala.

Safunsa adadya phula. Ndidafunsa kwa anzanga amene tidali nawo ku koleji ya aphunzitsi, ndipo mmodzi wa ku Mpingu adandiuza za bambo wina wachikulire wa ku Namitete amene adagwirapo ntchito m'magalaja a ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene galimoto za injini yotere zidali zambiri m'misewu ya ku South Africa. Lachiwiri ndidakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka kumsewu wa ku Mchinji, ndipo ndidawapeza akuwotcherera khasu kuseri kwa msika. Ndisadamalize kufotokoza adandidula.

"Aphunzitsi, musanene zambiri. Mwanayo adailiza injini ili yozizira n'kuizimitsa isadatenthe?"

"Kangapo konse, bambo."

"Nanga ku ekizozi kukununkha petulo?"

"Kwambiri."

"Ndiye kuti siidafe. Yangomwa mopitirira muyeso. Tiyeni."

Panjira adandifotokozera kapangidwe ka injiniyo, ndipo ndidamvetsera ngati mwana wa Sitandade 5. Injini wamba ili ngati mtondo ndi musi: pisitoni imakwera n'kutsika m'chibowo chake, ndipo kukwera ndi kutsikako kumasandulizidwa kukhala kuzungulira kwa matayala. Injini iyi ilibe musi. M'kati mwake muli chipinda chooneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri, ndipo m'chipindamo mumazungulira chitsulo cha ngodya zitatu, chonga samusa wofufuma m'mbali, chimene amisiri amati rota. Ngodya zitatuzo zimakhudza khoma nthawi zonse, kotero kuti chipinda chimagawika patatu. Rota akamazungulira, chigawo chilichonse chimakula n'kuchepa, ndipo pa ulendo umodzi chimakoka mpweya ndi petulo, chimazipanikiza, chimayatsidwa ndi pulagi, kenaka chimatulutsa utsi. Mavavu mulibe, pakuti rota yemweyo ndiye amatsegula ndi kutseka mabowo. Iye akazungulira kamodzi, mtanda wapakati umazungulira katatu. Galimoto ya mphwanga idali ndi marota awiri, aliyense wa 654 cc, ndipo injini yonse ndi yaing'ono moti munthu angadabwe kuti liwiro lotere likuchokera kuti.

Chinsinsi chonse chili pa ngodya zija. Pa ngodya iliyonse pali kachitsulo kopyapyala, kamene amisiri amati apex seal, kamene kamasesa khoma kuti mpweya usadutse kuchoka m'chigawo china kupita m'chinzake. Kuti tizitsuloti titseke bwino pamafunika oyilo pang'ono pakhoma, ndipo n'chifukwa chake injiniyi adaipanga kuti izidonthezera oyilo m'chipinda n'kumutentha pamodzi ndi petulo. Tsono injini iliyonse ikakhala yozizira imalandira petulo wochuluka kuti igwire msanga. Mukaizimitsa isadatenthe, petulo wosapsayo amatsalira m'kati, amanyowetsa mapulagi, ndiponso amatsuka oyilo uja pakhoma. Popanda oyilo mpweya umathawa, mphamvu yopanikiza imene amisiri amati kompuresheni imatsika, ndipo injini imangozungulira mopepuka ngati yakufa. Mwini wake akamalimbikira kupotoza kiyi amangothiramo petulo wina, ngati munthu wothira madzi pankhuni zonyowa kale n'kumadabwa kuti moto sukuyaka.

Titafika, khamu lidasonkhana msanga. Chinthu choyamba chimene bambo aja adachita chidali kuthamangitsa onse osuta fodya ndi kupempha mlongo wanga kuti azimitse moto wa m'khitchini imene idali pafupi. Kenaka adayamba kufufuza, ndipo chimene chidandigwira mtima ndi dongosolo lawo. Sadakhudze sipanala asadafunse mafunso. Adati injini iliyonse imafuna zinthu zinayi kuti ilire: kuzunguzidwa mwamphamvu, mafuta oyenera, moto wa pamapulagi ndi kupanikizika kwa mpweya. Ntchito ya mmisiri ndi kuzifunsa chimodzichimodzi, kuyambira chotsika mtengo.

Adayamba ndi batire. Adati injini ya rota imafuna kuzunguzidwa mothamanga kuposa injini wamba, ndipo batire lofooka, lomwe lingalize minibasi, iyoyi silingaidzutse. Tidatumiza batire la mphwanga kukatchajitsa pa Nsaru pamene pali magetsi, ndipo tidabwereka lina ku lole yonyamula fodya. Mwini lole, pofuna kuthandiza, adati tilumikize mabatire ake onse awiri monga alili kuti mphamvu ichuluke. Bambo aja adakana kwamtuwagalu. Adati awiriwo pamodzi amapereka mavoti 24 pomwe galimoto yaing'ono ndi ya mavoti 12, ndipo tikadatero tikadatentha kompyuta ya galimoto, vuto la tsiku limodzi n'kusanduka maliro enieni. Adapala zomangira za batire mpaka zidawala, pakuti zidali zitachita ufa woyera.

Za mafuta sadachedwepo. Adanunkhiza petulo wa m'thanki pofuna kudziwa ngati adasakanizidwa ndi parafini kapena madzi, monga zimachitikira ndi mafuta ena ogulidwa m'zigubu, ndipo adapeza kuti adali wabwino. Atatero adayesa njira yapafupi. Adauza mphwanga kuti apondereze chopondera mafuta mpaka pansi, asachisiye, ndipo apotoze kiyi kwa masekondi 10 okha n'kupumitsa sitata. Mnyamata adadodoma.

"Agogo, si ndiye ndiwonjezera petulo?"

"Iyayi mwana wanga. Pa galimoto iyi, ukaponda mpaka pansi uku ukuliza, kompyuta imatseka petulo. Mpweya wokha ndiwo umalowa kukaumitsa m'kati."

Adayesa kasanu. Injini idatsokomola kamodzi, anthu n'kufuula, kenaka zii. Ndidaona anyamata aja akuyang'anizana, maso awo akuloza kunyumba ya udzu ija. Bambo aja sadatekeseke. Adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo adaitanitsa jeke.

Adachotsa tayala lakutsogolo la kumanzere, pakuti mapulagi a injiniyi amafikirika bwino podzera pamenepo. Alipo anayi, awiri pa rota aliyense, ina m'munsi ina m'mwamba, chifukwa chigawo chimene petulo amapsera ndi chachitali ndi chopapatiza moti pulagi imodzi siingachiyatse chonse bwino. Pakhoma la injini padalembedwa L ndi T, ndipo adatichenjeza kuti mapulagi a m'munsi ndi a m'mwamba ndi osiyana, sayenera kusinthanitsidwa, ngakhalenso mawaya ake. Adamanga kansalu pa waya uliwonse kuti asasokoneze. Mapulagi adatuluka akuda bii, akudontha petulo. Adawanyamula m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuwapereka kwa amfumu kuti anunkhize.

Atazula fyuzi ya pampu ya mafuta ndi kudula moto wopita ku makoyilo, adauza mphwanga kuti apotoze kiyi. M'mabowo mudatuluka nkhungu ya petulo imene idanyowetsa dothi, fungo lake n'kufika mpaka kumsewu. Adabwereza mpaka nkhunguyo idatha.

Apa ndipo padafika mayeso amene mtima wa mphwanga udali kuwaopa. Chipangizo choyezera kompuresheni ya injini yotere ndi chapadera, ndipo bambo aja adalibe. Adali ndi khutu. Adabwezera mapulagi n'kusiya bowo limodzi lotsegula, adapempha anthu kuti akhale chete, ndipo injini ikuzungulira adatchera khutu. Adafotokoza kuti popeza rota ali ndi nkhope zitatu, payenera kumveka kupuma kutatu kofanana, kobwerezabwereza: pfu, pfu, pfu. Kachitsulo kamodzi ka pangodya kakathyoka, nkhope ziwiri zimafooka nthawi imodzi, chifukwa ngodya iliyonse ndi malire a zigawo ziwiri, ndipo khutu limamva kupuma kumodzi kwamphamvu kotsatana ndi kuwiri kofooka. Zikatero palibe kuchitira mwina koma kutsitsa injini n'kuimasula yonse. M'moyo wanga ndidayang'anirapo mayeso ambiri, koma sindidaonepo chete wonga wa tsiku limenelo. Rota wakutsogolo adapuma mofanana. Wakumbuyonso chimodzimodzi, ngakhale mofookerapo.

"Yakalamba koma mano ilinawo onse," adatero bambo aja.

Podikira kuti mapulagi aume padzuwa, atawapala ndi burashi ya waya, tidakhala pakhonde tikudya mbatata yootcha, ndipo nkhani idalowa m'mbiri. Injiniyi imatchedwa ndi dzina la Felix Wankel, Mjeremani amene adabadwa mu 1902 n'kumwalira mu 1988. Yoyamba idalira mu 1957 ku kampani ya NSU. Chodabwitsa n'chakuti mwini nzeruyo adalibe chiphaso choyendetsera galimoto, pakuti maso ake sankaona patali. Mu 1967 NSU idatulutsa galimoto yotchedwa Ro 80, yokongola ndi yotamandika, koma tizitsulo ta pangodya tinkatha msanga m'galimoto zoyambirira, ndipo kusinthira ogula mainjini kudaidyera kampaniyo chuma chambiri. Mu 1969 idalowa m'manja mwa Volkswagen. Amene adaumirira ndi a ku Hiroshima, kampani ya Toyo Kogyo imene lero timaidziwa kuti Mazda. Iwo adagula chilolezo mu 1961, ndipo akatswiri awo, motsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto, adalimbana ndi tizitsulo tomweto kwa zaka mpaka adatulutsa Cosmo Sport mu 1967. Kukwera mtengo kwa mafuta kwa 1973 kudawapweteka, chifukwa injiniyi imamwa kwambiri, komabe adatulutsa RX-7 mu 1978, ndipo mu 1991 galimoto yawo ya 787B idapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France, koyamba kuti kampani ya ku Japan ipambane kumeneko. RX-8 idapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012. Mu 2023 injini ya rota idabweranso, koma pa ntchito yopanga magetsi m'galimoto yoyendera batire.

Ndimaganiza kuti ophunzira athu amamva zambiri za anthu otulukira zinthu, koma zochepa za anthu okonza zolakwika za zinthu zotulukiridwazo. Wankel adalota chitsulo chozungulira. Amene adachisandutsa galimoto yodalirika ndi aja adatha zaka akuyesa kachitsulo kochepa ngati chala.

Dzuwa litapendeka, bambo aja adatenga kapaipi kopyapyala n'kuthira oyilo wokwana supuni yaing'ono m'bowo la m'munsi la rota aliyense, adazunguza injini pang'ono kuti oyiloyo afalikire pakhoma, ndipo adayesa moto wa koyilo iliyonse. Zonse zinayi zidathetheka, ngakhale imodzi adati masiku ake atha. Adamanga mapulagi, adabwezera fyuzi ndi mawaya, adaika tayala. Kulira kwa sitata kudasintha: tsopano kudali kolemera, kwa chinthu chimene chikukankha kanthu. Ulendo woyamba injini idagwira n'kusiya. Ulendo wachiwiri idanjenjemera, idatsokomola, kenaka idabangula. Utsi woyera udati tolo, kuphimba nyumba, mango ndi anthu omwe, ana n'kubalalika akukuwa.

"Usazimitse! Pondabe pang'ono mpaka itenthe!" adafuula bambo aja.

Utsi utatha adakwera naye mphwanga, adapita mpaka ku Kabudula n'kubwerera kuti injini ipserere zotsalira zonse. Pobwera adampatsa malamulo ake pamaso pa ine. Asailize ngati sakupita patali. Akafuna kuisuntha pang'ono, aitane anzake aikankhe. Akailiza, asaizimitse muvi wa kutentha usadafike pakati. Aziyang'ana oyilo pafupipafupi pothira petulo, chifukwa kuchepa kwa oyilo m'injiniyi ndi chibadwa chake. Agule mapulagi atsopano ndi koyilo ija ndalama zikapezeka. Adawonjeza kuti tsiku limene idzayambe kuvuta kulira ili yotentha, pomwe ili yozizira ikulira bwino, adzadziwe kuti tizitsulo tija tatha ndipo ayambe kusunga ndalama.

Nkhani ya agogo aja idali isadathe, pakuti ena adayamba kunena kuti mmisiri wa ku Namitete ndiye adali ndi mankhwala oposa. Ndidapempha amfumu kuti anthu asabalalike, ndipo bambo aja adaimirira pabwalo, manja ali bii ndi oyilo.

"Amfumu, ngati alipo wokayika, mawa m'mamawa ndiilize n'kuizimitsa kasanu ili yozizira. Ikana ngati Lamulungu lija, agogowa ali kwawo, ine ndili chimanjamanja. Tikatero tidzaikonzanso, koma wokayikayo ndiye adzalipire."

Mphwanga adagwada n'kuomba m'manja. "Pepani agogo, musatero. Ine ndakhulupirira."

Anthu adafa nacho chiseko, ndipo wodzipereka kulipira sadapezeke. Amfumu adagamula kuti anyamata atatu amene adafalitsa za kulavulira tayala apereke nkhuku imodziimodzi kwa agogo aja ndiponso awafolerere nyumba mvula isadagwe. Mwini nkhaniyo adaitanidwa, adafika ndi ndodo yawo, ndipo atafunsidwa chimene ankatanthauza Loweruka lija adayankha modabwa kuti iwo ankanena za msewu.

Mvula ya chaka chimenecho itakhazikika, malole ndi ngolo zidakumba mikwasa iwiri yakuya padambo lolowera m'mudzi mwathu, pakati n'kutsala mtumbira. Galimoto ija idakhalira mimba pamtumbirawo, matayala akuzungulira m'malere, ndipo idachoka ndi ng'ombe zinayi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo inkagona kwa mnzake wa mphwanga pa Nsaru, mwini wake n'kumafika kumudzi pa kabaza.